Nyimbo za malipenga za nthawi ya Wenela zayambanso kumveka m'midzi

Mwezi wa June ukafika kuno ku mapiri a Angónia, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo mbatatesi zitapita ku misika ya ku Lizulu ndi ku Tsangano, palibe amene amalimba mtima kucheza panja dzuwa likangolowa. Chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Banja lonse limaunjikana pamoto, ndipo masiku ano pamoto pomwepo sipalephera kupezeka foni ya mdzukulu, imene yatandala pa sola tsiku lonse.

Mnyamata akamasakasaka nyimbo pa foni yakeyo, nthawi zina amagwera pa wayilesi ya kutali. Mumamveka malipenga ambirimbiri akuyankhizana, ng'oma ikugunda mofatsa, ndi kaphokoso kaja kokhala ngati chimanga chikukazingidwa m'phale. Iye amafuna kudumpha poti ndi zachikale. Koma agogo aamuna, amene aliyense amayesa kuti akusinza, amadzutsa mutu ndi kumuuza kuti asiye pomwepo. Posakhalitsa phazi lawo layamba kugunda pansi lokha, ndipo usiku umenewo nkhani za ku Joni ndi ku Salisbury sizitha msanga.

Nyimbo zimenezi ndi za jazi pamodzi ndi abale ake, monga kwela, marabi, jaivi ndi sinjonjo. Achinyamata ambiri amayesa kuti ndi nyimbo za azungu zomvera m'mahotela a ku Maputo. Ayi ndithu. Anaziyambitsa ndi anthu akuda, ndipo m'midzi ya m'malire muno zinafika kalekale, magetsi ndi misewu ya tara zisanalotedwe nkomwe. Anabwera nazo ndi azigogo omwewa, m'masutikesi a chitsulo. Lero zayambanso kupezeka, koma anthu amene angazizindikire ndi kunena kuti iyi inkavinidwa motere, pa ukwati wa uje, atsala owerengeka.

Zinabwera m'sutikesi

Pa nthawi ya Apwitikizi mwamuna wa ku Angónia analibe mtendere pamudzi. Msonkho unkafunika chaka ndi chaka, ndipo wolephera kukhoma ankagwidwa kukagwira chibalo. Ambiri anaona kuti kuli bwino kukavutikira kumene kuli malipiro. M'dziko la Mozambique bungwe la Wenela, lolemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa, linkaloledwa kulemba a kum'mwera okha, kuyambira cha ku mtsinje wa Save. Tsono wa kuno ankangodumpha malire kulowa ku Dedza kapena ku Ntcheu kumene kuli abale ake, nkukalembetsa ngati munthu wa ku Nyasaland. Chilankhulo ndi chimodzi, mafumu ndi apachibale, nanga kalaliki akanamusiyanitsa bwanji? Ena ankalowera ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi ku Zimbabwe, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ku mgodi wa malasha wa ku Wankie, kapena kukakhala makhukhi ndi osamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Salisbury ndi ku Bulawayo.

Pobwerera munthu ankadziwika ndi katundu wake: njinga, jasi, mabulangete, makina osokera. Amene anasunga bwino ndalama ankabweranso ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja pamodzi ndi mulu wa mbale zakuda. Mbale imodzi inkazungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali iliyonse inali ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi ngati zitatu. Ikatha, wina ankapukusanso ndi kusintha singano. Pa mowa wa masese kapena pa ukwati, mwini galamafoni ankapatsidwa mpando wabwino ndi chipanda choyamba.

Kodi m'mbalezo munali chiyani? Jazi inabadwira mumzinda wa New Orleans ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa konkuno. Iwo anatenga malipenga a asilikali ndi a pamaliro, nayamba kuwaliza mwa njira yawoyawo, wina kutsogolera ena kuvomera, monga zimakhalira pa chintali kapena pa ngoma. Mbale yoyamba ya jazi inatuluka m'chaka cha 1917. Pakati pa 1935 ndi 1945 panabuka mabandi akuluakulu, amene kwawoko amati big band. Bandi imodzi inkakhala ndi anthu ngati 17: masakisofoni asanu, malipenga anayi, malipenga ena anayi aatali okoka aja otchedwa trombone, kenaka piyano, gitala, besi ndi ng'oma. Atsogoleri amene anamveka dziko lonse anali Duke Ellington ndi Count Basie, omwe anali akuda, komanso Benny Goodman ndi Glenn Miller, omwe anali azungu.

Anthu akuda a ku Johannesburg atamva mbalezi ndi kuwaona oimbawo pa baisikopo, sanangotengera chabe. Anayambitsa mabandi awo, monga Jazz Maniacs ya Solomon Cele, Merry Blackbirds ya Peter Rezant ndi Harlem Swingsters. Anasakaniza kaimbidwe ka ku America ndi marabi, nyimbo za m'mashabini zimene zimabwereza kanjira kamodzi usiku wonse koma ovina osatopa nazo. Kuchimake kwa zonsezi kunali ku Sophiatown, mpaka pamene boma la tsankho linayamba kugwetsa malowo mu 1955.

Nzoona kuti munthu wa m'komboni ya pa mgodi sankalowa kawirikawiri m'maholo ovinira amenewa. Chiphaso sichinkamulola kuyendayenda, ndiponso ndalama zake zinali zowerengera. Koma sitolo za pafupi ndi migodi zinkagulitsa mbale za Gallotone ndi Troubadour, ndipo zinkaziliza pakhomo pokopa ogula. Umo ndi momwe mawu a Manhattan Brothers, Dolly Rathebe, Miriam Makeba ndi Dorothy Masuka wa ku Bulawayo anafikira m'midzi ya kuno, eni akewo osapondako.

Ana a m'misewu ya ku Johannesburg analibe ndalama zogulira sakisofoni. Iwo anagula zitoliro za chitsulo zotsika mtengo, nayamba kutsanzira zimene masakisofoni asanu aja ankachita. Kwela ndi imeneyo. Dzina lakelo kwa Mchewa silifuna womasulira: ambiri amati linachokera ku galimoto ya apolisi imene ankaitcha kwela-kwela, chifukwa ogwidwa ankakalipiridwa kuti akwere msanga. Spokes Mashiyane, katswiri wa chitoliro, anayamba kujambula mu 1954, ndipo mu 1958 nyimbo ya "Tom Hark" ya anyamata a ku Alexandra inafika pa nambala 2 ku Britain. Anyamatawo anangopatsidwa tindalama tochepa kamodzi kokha. Phindu anadya ena.

Koma nyimbo imene inazunguza dziko lonse inachokera kufupi, ku Bulawayo. August Musarurwa ankaliza sakisofoni mu bandi ya antchito a ku Cold Storage Commission, ndipo anapeka nyimbo yotchedwa "Skokiaan", dzina la mowa woletsedwa uja umene kuno amati chikokeyani. Mu 1954 nyimboyi inagulidwa kwabasi ku America, mwakuti chaka chomwecho Louis Armstrong, mwana wa ku New Orleans komanso katswiri wa lipenga woposa onse pa nthawiyo, anaijambulanso. Armstrong atabwera ku Southern Rhodesia mu 1960 anakumana ndi Musarurwa maso ndi maso. Agogo amene anagwirapo ntchito ku Bulawayo akati nyimbo ija azungu anachita kutengera kwa anthu akuda, sakunama.

Wayilesi ya sefuliya

Galamafoni inali ya ochepa. Chimene chinamwaza nyimbozi kwenikweni ndi wayilesi. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsira mawu yotchedwa Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Vuto linali loti mawayilesi anali okwera mtengo, ndipo ambiri ankafuna magetsi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready, itapemphedwa ndi Harry Franklin yemwe anali mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, inatulutsa kawayilesi ka batire kokhala m'chigoba chozungulira, ka mtengo wa mapaundi 5. Anakatcha Saucepan Special, kutanthauza wayilesi ya sefuliya, ndipo ndithu kankaoneka ngati sefuliya yoikidwa chammbali. Kankagwira mafunde a shortwave, amene amayenda mtunda wautali zedi osafunsa za malire, choncho mawu a ku Lusaka ankatha kumveka ku Dedza ndi ku Vila Coutinho, kumene tsopano ndi ku Ulongwe.

Pulogalamu imene anthu ankaikonda koposa inali "Zimene Mwatifunsa". Omvera ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Kwa banja limene mwamuna ali ku mgodi ndipo mkazi ali kumudzi, imeneyi inali positi ofesi yachiwiri. Mmodzi mwa aulutsi anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, amene bambo ake anali Mtonga wa ku Nyasaland. Nkhata anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, ndipo atabwerako anakhala muulutsi ndi woimba nthawi imodzi. Ankatenga nyimbo za kumudzi, za Chibemba ndi Chinyanja, nkuziveka magitala ndi mawu ogwirizana a kutauni. Gulu lake ndi limene linakhala Lusaka Radio Band, kenaka Big Gold Six. Anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi famu yake ku Mkushi.

Aphunzitsi, akatekisiti ndi anamwino okhala ndi mawayilesi abwinopo ankapita patali. Usiku ankagwira Voice of America, kumene Willis Conover anaulutsa jazi kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1996. Ku Lourenço Marques kunali LM Radio, koma iyo inkasangalatsa kwambiri achinyamata a ku South Africa ndi nyimbo za Chingerezi kufikira pamene inatsekedwa mu 1975. Kwa munthu wamba wa kuno, wayilesi yeniyeni kuyambira 1964 inali MBC ya ku Blantyre, chifukwa inali pafupi ndipo inkalankhula chilankhulo chake.

Jazi ya banjo

Apa ndi pamene nkhaniyi imakoma. Anyamata a kumudzi amene anamva nyimbozi sanadikire kuti wina awagulire malipenga. Anasema banjo, nakutira chikopa cha mbuzi, nakoka mawaya a mabuleki a njinga. Besi inali babatoni, chibokosi kapena ching'oma chokhala ndi chingwe chimodzi chokhuthala. Zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya zinkagwira ntchito ya zitsulo zolira zija za ng'oma za ku America. Gulu likakwana ankalitcha jazz band, ndipo kawirikawiri ankalipatsa dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo. Ku Malawi kunamveka Linengwe River komanso Chimvu River Jazz Band, imene inkaimba ndi Allan Namoko wa ku Thyolo, bambo wosaona wa mawu okanda pamtima uja amene anamwalira mu 1995.

Otchuka koposa anali Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Banja lawo linakhalako ku Salisbury, kumene anyamatawa anamva kwela, ndipo atabwerera kwawo anayamba kuimba m'misewu ya ku Blantyre, Daniel pa gitala ndipo Donald, akali mwana wamng'ono, pa chitoliro. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza ndi kuwajambula. Pa nthawiyo ku South Africa kwela inali itayamba kale kuzilala, koma ku Chileka inapitirira ndipo inakula. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, ndipo onse awiri anafika mpaka ku Ulaya ndi zida zawo zomwezo.

Pali ophunzira ena amene amaseka akamva gulu la banjo likudzitcha la jazi, amvekere jazi yopanda lipenga ndi jazi yanji. Amenewa samvetsera bwino. Babatoni ija imayenda ndendende ngati besi ya Count Basie, chitoliro chimasiya njira ya nyimbo nkukayendayenda kwina kenaka nkubwerera monga amachitira sakisofoni, ndipo ovina amagwedezeka mofanana. Ngakhale malipenga ambiri oyankhizana sanali achilendo m'makutu a anthu a dera lino. Amene anaonerapo mganda m'chigawo chapakati cha Malawi akudziwa malipenga a mphonda aja, amene nawonso anayamba potsanzira mabandi a asilikali.

Kusiyana kwa tsidya lino ndi tsidya ilo kuli pa kujambula. Ku Malawi MBC inkaitana magulu ku situdiyo yake ya ku Chichiri, ndipo antchito ake ankayenda m'maboma ndi makina ojambulira. Kum'mwera kwa Mozambique oimba marrabenta monga Fany Mpfumo, amene anajambula mbale zambiri ku Johannesburg, nyimbo zawo zilipo mpaka lero. Angónia inali pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Lourenço Marques, ndipo Apwitikizi ankaiona ngati nkhokwe ya chimanga ndi ya anthu a chibalo basi. Zambiri zimene anyamata a banjo a kuno ankaimba zinangotsalira m'mitu ya amene anavina.

Zaka zothawa

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu 74 amene ankabwerera ku Malawi kuchokera ku migodi. Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu, ndipo njira ija ya masutikesi inayamba kuuma. Makutu a anthu nawo anali atatembenukira ku rumba ya ku Congo ndi simanjemanje, kenaka kunabwera makaseti. Galamafoni inalowa kunsi kwa bedi.

Chimene chinamaliza ndi nkhondo. Itafika poipa m'boma lino, makamaka mu 1986, anthu anathawa usiku, mwana kumbuyo, poto ndi bulangete pamutu. Palibe amene akananyamula chibokosi cholemera ndi mbale zosachedwa kusweka. Ena anakwirira katundu pansi poganiza kuti abwerera sabata yamawa, koma anakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Dedza ndi ku Ntcheu. Othawa nkhondo m'dziko la Malawi anapitirira 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera chaka chotsatira nkupeza nyumba zitapsa ndipo pabwalo patamera tchire. Ana amene anakulira kothawirako anabwera ndi nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka m'makutu mwawo. Za agogo awo sanazimvepo.

Kumene zikupezeka lero

Lamulo la zofalitsa nkhani la 1991 linatsegula njira yoti m'dziko la Mozambique mukhale mawayilesi ena kupatula ya boma. Lero ku Ulongwe kuli wayilesi ya m'dera imene ili pansi pa Instituto de Comunicação Social, ku Furancungo kulinso ina, ndipo Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena. Popeza dera lino ndi lokwera, mafunde a FM a tsidya linalo, monga a wayilesi ya ku Bembeke ndi a MBC, amalowa m'midzi yambiri popanda vuto. Foni zambiri, ngakhale zazing'ono zija za mabatani, zili ndi FM. Chofunika ndi kulumikiza timahedifoni, popeza waya wake ndiye mlongoti, ndipo kumvera kotere sikudya ndalama.

Mawayilesi a m'madera anabadwa nthawi ya makaseti ndi makompyuta, choncho sanalandire chuma cha mbale zakale. Muulutsi amaika zimene ali nazo ndi zimene omvera apempha. Ngati palibe wopempha Spokes Mashiyane, Spokes Mashiyane samveka. Njira yakale ija ya "Zimene Mwatifunsa" ikadagwirabe ntchito, kungoti tsopano ndi ya pa foni. Wopempha asangoti akufuna zakale, chifukwa kwa muulutsi wa zaka 25 zakale ndi za m'ma 1990. Atchule dzina la woimba, kapena mtundu wa nyimbo, kapena angoing'ung'udza pa foni pomwepo.

Amene ali ndi foni ya intaneti angathe kupita patali. Mawayilesi ambiri a pa dziko lapansi tsopano amaulutsanso pa intaneti, ndipo njira yapafupi yowapezera ndi Radio Garden, imene inayamba ku Netherlands mu 2016. Imaonetsa dziko lonse ngati mpira wokhala ndi timadontho tobiriwira, ndipo kadontho kalikonse ndi tauni yokhala ndi wayilesi. Munthu amazunguza mpirawo ndi chala mpaka pamene akufuna. Ku New Orleans kwenikweniko kuli WWOZ, wayilesi ya m'dera imene inayamba mu 1980, ndipo aulutsi ake ndi ongodzipereka, ofanana ndi a kuno. Ku Newark, pafupi ndi New York, kuli WBGO ya jazi, ndipo ku Cape Town kuli Fine Music Radio. Nthawi ya ku New Orleans imatsalira ndi maola 7 kapena 8 malinga ndi nyengo, choncho mapulogalamu a m'mawa kumeneko amamveka kuno chakumadzulo, anthu ataweruka kudimba.

Polemba mawu osakira pafunika kuchenjera. Wolemba jazz yekha amalandira nyimbo zoziziritsa za m'mahotela zomwe zija, agogo nkugona zenizeni. Mawu othandiza ndi swing, big band, kwela, marabi, 78 rpm, kapena mayina a oimba amene atchulidwa kale. Gulu la African Jazz Pioneers, limene Ntemi Piliso anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pofuna kudzutsa kaimbidwe ka ku Sophiatown, nalo ndi poyambira pabwino chifukwa mawu ake ndi oyera.

Nkhani yaikulu ndi ya mamega. Wayilesi yambiri ya pa intaneti imadya mamega ngati 58 pa ola, ndipo ina yopepukirapo imadya ngati 29. Kumvera ola limodzi usiku uliwonse kwa mwezi wathunthu kungathe mamega oposa 1,700, ndalama zimene pa banja la mlimi ndi za sopo ndi mchere. Kanema wa pa YouTube amadya kuposa pamenepo, ngakhale pakhale pakungooneka chithunzi cha mbale ikuzungulira. Ndiponso a m'mphepete mwa msewu wa Dedza ndi Ntcheu asamale, chifukwa foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya dziko linalo, ndipo ndalama imatha ngati madzi a m'dengu.

Nchifukwa chake ntchito imeneyi ikuyenera wayilesi ya m'dera kuposa foni ya munthu mmodzi. Muulutsi mmodzi akasaka nyimbo, nafufuza mbiri yake, nkuiika pa FM, midzi yonse kuyambira ku Calomue mpaka ku Domue imamva ndi mabatire awiri okha. Ola limodzi pa sabata lingakwane. Kokatenga kulipo. Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira m'maiko a kuno, anafika ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Bungweli lakhala likubwezera nyimbo zina ku madera kumene zinajambulidwa. Matepi akale a MBC anayamba kusamutsidwira pa kompyuta ndi thandizo lochokera ku Norway, ndipo Rádio Moçambique ili ndi nkhokwe yakeyake ku Maputo. Oyendetsa mawayilesi asaiwale kuti nyimbo zili ndi eni ake. Mabungwe a SOMAS kuno ndi COSOMA ku Malawi alipo kaamba ka zimenezo, kuti za anyamata a "Tom Hark" zija zisabwerezedwe.

Mbale zimene zatsala

Si zonse zinapsa. M'nyumba zina, makamaka za mabanja amene anasungitsa katundu kwa abale a tsidya linalo nkhondo isanafike poipa, mbale zikadalipo. Zina zakhomedwa pakhoma ngati zokongoletsa, zina ana amagudubuza pabwalo, zina zikuvundikira mtsuko. Woipeza ayang'ane kapepala ka pakati. Pakakhala dzina la Gallotone, Troubadour, Columbia, kapena chithunzi cha galu akusuzumira mu lipenga la galamafoni, chimene ndi chizindikiro cha His Master's Voice, asaitaye. Ajambule kapepalako ndi foni, chifukwa pali dzina la woimba ndi nambala ya mbale, ndipo ndi zimenezi nyimboyo ingathe kupezeka kwina ngakhale mbaleyo itasweka.

Mbale za 78 sizinapangidwe ndi pulasitiki ngati zimene zinabwera pambuyo pake. Zinapangidwa ndi utomoni wina wouma, ndipo zikagwa zimasweka ngati mbale ya dothi. Zisungidwe choimika, kutali ndi dzuwa ndi utsi wa kukhitchini. Popukuta pangofunika kansalu kofewa. Sipiriti ndi kachasu zisayandikire nkomwe, chifukwa zimasungunula utomoniwo pamodzi ndi nyimbo yake. Kumene galamafoni ikadali yamoyo, singano yachitsulo imayenera kusinthidwa ikaimba mbale imodzi, apo ayi imakumba mizere. Mbale zopyapyala za 33 ndi 45 zisaikidwe pa galamafoni yopukusa, chifukwa singano yake imaziwononga ulendo umodzi wokha. Kuika foni pafupi ndi galamafoni m'chipinda chopanda phokoso, nkhuku zitathamangitsidwa, kumajambula mawu omveka ndithu.

Koma chuma chimene chikutha msanga kuposa mbale ndi anthu. Mnyamata amene anavina "Skokiaan" mu 1954 ali ndi zaka 18, lero ali ndi zaka ngati 90. Amene anakwera ndege za Wenela mu 1974 ali ndi zaka 20 wapitirira 70. Ena mwa iwo zala zikadakumbukira banjo. Agogo aakazi asaiwalike, popeza iwo ndiwo ankatsala pamudzi ndi galamafoni mwamuna akabwerera ku Joni, ndipo kawirikawiri mawu a nyimbo ndi mavinidwe ake amazisunga bwino kuposa amuna awo.

Wopita kukajambula adzere kwa amfumu, afotokoze cholinga, ndipo apemphe chilolezo kwa agogowo ngati mawu awo adzamveke pa wayilesi. Asayambe ndi mafunso ngati wa kalembera. Ayambe wawaikira nyimbo imodzi ya kwela, nkukhala chete. Zokamba zimabwera zokha: dzina la komboni, sitolo imene anagula mbale, mtengo wake, amene ankaliza babatoni pamudzi ndi kumene anafera. Poyamba pa chojambulacho atchule tsiku, mudzi ndi dzina la wolankhula. Akamaliza asamutsire pa timakhadi tiwiri ta m'foni, kena kapite ku wayilesi, kena katsale pabanjapo m'botolo louma lotseka bwino, chifukwa m'nyumba za kuno chinyezi cha January sichisiya kanthu.